Ndinati Happy Memorial Day kwa amayi amene mwana wawo anafera ku Fallujah

Ndalemba izi makamaka chifukwa cha inu anzanga amene mwangofika kumene kuno ku America nkuyamba ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, zimene zinandichitikira ine sindikufuna zimuchitikire wina, komanso mnyamata amene ndimukambe panoyu ndi woyenera kukumbukiridwa olo ine sindinamuonepo ndi maso. Dzina lake sindilemba, la amayi akenso ayi, ndi za banja la eni ndipo anandilola kufotokoza nkhaniyi bola ndisiye maina.

Mu March 2022 ejensi inanditumiza kunyumba ya amayi ena kuno ku Indiana, azaka za m'ma 70, anadwalapo sitiroko moti mbali ya kumanzere sinkagwira bwino, amuna awo anamwalira kale, mwana wawo wamkazi amakhala kutali kwambiri amabwera kawiri pachaka. Ntchito yake ndi yomwe mukuidziwa ija, kuwasambitsa, kuwaveka, mankhwala, kuphika, kukonzako m'nyumba. Pepala limene ndinapatsidwa linalemba za shuga, za BP, za zakudya zimene sadya, koma za chinthu chachikulu kwambiri m'nyumba muja panalibe olo liwu limodzi. Ine ndinkangowatcha Mama ndipo anazolowera msanga.

Pabalaza panali shelefu, pamwamba pake kabokosi kathabwa ka makona atatu ka galasi kutsogolo, mkati mwake nsalu ya buluu ya nyenyezi zoyera, pambali chithunzi cha mnyamata wovala yunifolomu yakuda ya mabatani agolide ndi chipewa choyera, nkhope ya mwana weniweni, timendulo tiwiri, ndiye pansi pa shelefupo jombo zofiirira zakutha zodzaza fumbi. Pazenera panapachikidwa kansalu koyera ka mzere wofiira m'mbali ndi nyenyezi imodzi yagolide pakati, ine ndinkangoti ndi zokongoletsa za Khirisimasi zimene anaiwala kuchotsa. Sabata yachiwiri ndikukonza pabalaza ndinanyamula jombo zija kuti ndikazikunthe panja ndizipukute, sinanga kwathu nsapato yafumbi pabalaza ndi manyazi, ndiye Mama amene amayankhula movutikira chifukwa cha sitiroko anakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo, amvekere zibweze, zibweze pomwepo, usazipukute. Ndinazibweza manja akunjenjemera, iwo anatembenukira kukhoma tsiku lonse osadya. Sindinafunse, ndinaopa, ndinangoti kaya ndi ukalamba. Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba, osati pogwira jombo pokha koma posafunsa.

Kenako kunabwera May. Lolemba lomaliza la May kuno ndi Memorial Day, ndipo ukakhala mlendo zimene umaona ndi zoti mashopu atsitsa mitengo, anthu akuotcha nyama panja, akupita kunyanja, aliyense akusangalala kuti nyengo yotentha yayamba. Ndinalowa m'mawa ndi chimwemwe changa chonse, ndikutsegula makatani ndinati Happy Memorial Day Mama. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anati mwana wanga khala pansi, lero mulibe happy m'nyumba muno. Sanakalipe ngati tsiku la jombo lija, anangondilozera mpando, ndipo tsiku limenelo sitinasambe mpaka cha m'ma 11 chifukwa anayamba kufotokoza.

Choyamba chimene anandiphunzitsa nchakuti masikuwa ndi awiri osiyana, ndipo chonde inu musawasokoneze ngati ine. Memorial Day ndi ya amene anafa ali pa ntchito ya usilikali, mbendera imakhala yotsitsidwa pakati mpaka 12 koloko masana, ndipo 3 koloko madzulo anthu amapemphedwa kukhala chete mphindi imodzi. Veterans Day ya pa 11 November ndi yothokoza onse amene anagwirapo usilikali, makamaka amoyo. Ukauza munthu woferedwa kuti happy pa Memorial Day zili ngati walowa pasiwa ukuseka. Ambiri sakuuza kuti wawapweteka, amangomwetulira, Mama anandiuza chifukwa anaona kuti ndine mlendo sindikudziwa. Kansalu kapazenera kaja akuti nyenyezi ikakhala ya buluu ndiye kuti banjalo lili ndi mwana kunkhondo, ikakhala yagolide mwanayo anafera komweko, ndipo mabanja otere amatchedwa a Gold Star. Amayi ake ali ndi bungwe lawo limene linayamba mu 1928, pamisonkhano amavala zoyera zokhazokha, ndipo Lamlungu lomaliza la September ndi tsiku lawo. Mukaona kanyenyezi kagolide pazenera, pagalimoto kapena kakang'ono pakolala ya munthu, dziwani kuti mwaima pamaso pa anamfedwa olo papite zaka zingati.

Nditati pepani Mama sindinkadziwa kuti mwana wanu anali soldier anandikonzanso, akuti sanali soldier anali Marine, ndipo kwa iwowo kusiyana kwake nkwakukulu. Ine mawu oti marine ndinkawadziwira ku Monkey Bay, asilikali athu a pamadzi aja, nde ndinkaganiza kuti mnyamatayu ankayendetsa maboti. Ayi ndithu. Marine Corps ndi gulu lapalokha, lili pansi pa unduna wa asilikali a pamadzi koma nkhondo zake zambiri amamenyera pamtunda ndipo kawirikawiri ndi amene amatsogola, linayamba pa 10 November 1775, maphunziro awo oyamba ndi a masabata 13 ndipo ndi owawa zedi, mawu awo ndi Semper Fidelis kutanthauza wokhulupirika nthawi zonse, iwo amangodula kuti Semper Fi. Ndipo akuti munthu sasiya kukhala Marine olo atapuma, olo atamwalira.

Mwana wawo analowa atangomaliza sekondale, zitachitika za pa 11 September 2001 zija, Mama akuti anamuletsa mpaka kulira koma mnyamata anali atatsimikiza kale. Anamwalira ali ndi zaka 21 mu November 2004 mumzinda wa Fallujah ku Iraq. Ine mu 2004 ndinali kumudzi, za Iraq tinkangomvera pawailesi ngati nkhani za kumwezi, ndiye usiku umenewo nditaweruka ndinakhala pafoni kuwerenga mpaka tambala. Fallujah ili m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates kumadzulo kwa Baghdad m'chigawo cha Anbar, mzinda wa mizikiti yambirimbiri. Pa 31 March 2004 anthu anayi a kampani ya chitetezo ya Blackwater anaphedwa kumeneko, matupi ena nkupachikidwa pamlatho, mu April ma Marine analowa koma nkhondoyo anaiimitsa pakati, zigawenga zinapeza mpata wa miyezi ingapo wokumba maenje, kutchera mabomba m'makomo, kuboola makoma kuti azidutsa nyumba ndi nyumba osaoneka. Pa 7 November analowanso kachiwiri ndipo nkhondo yake inafika mpaka mu December, anthu amati chichokereni ku Hue ku Vietnam mu 1968 ma Marine anali asanamenyeponso nkhondo ya mumzinda yoopsa chonchi. Sinali nkhondo yoomberana patali, inali yolowa nyumba iliyonse, kuthyola chitseko osadziwa kuti kuseri kuli ndani, chipinda ndi chipinda, ndipo amene ankathyola zitsekozo ambiri anali ana a zaka 19, 20, 21. Asilikali a America oposa 90 anafera pamenepo, ovulala mazanamazana.

Mama anandifotokozera mmene uthenga unafikira, ndipo mbali imeneyi amaifotokoza mofanana ndendende nthawi iliyonse, mawu omwewo. Kunali kutada, anali kukhitchini, anamva galimoto yaima panja, atasuzumira pazenera anaona amuna awiri a yunifolomu akubwera kukhomo. Banja lililonse la msilikali limadziwa kuti akavulala amaimba foni, akamwalira amabwera okha. Akuti anakhoma chitseko nkukhala pansi kuseri kwake, ankaganiza kuti akapanda kutsegula ndiye kuti mawuwo sanenedwa ndipo mwana wawo akhalabe moyo, amuna aja anaima panja kudikira osagogodanso mpaka bambo a m'nyumba anabwera kudzawadzutsa pansi paja. Thupi linafikira ku Dover ku Delaware kumene matupi a asilikali amafikira, ndipo Marine mmodzi analiperekeza ulendo wonse mpaka kuno osalisiya lokha. Kumanda anaomba mfuti katatu, lipenga linaliza kanyimbo kachisoni kaja amati Taps, mbendera imene inali pabokosi anaipinda ka 13 mpaka inakhala ya makona atatu kuoneka buluu ndi nyenyezi zokha, ndiye mmodzi anagwada patsogolo pawo nkuwapatsa m'manja m'dzina la pulezidenti ndi dziko lonse. Ndi imene ili m'kabokosi kaja, sinatambasulidwepo.

Chimene chinandilasa mtima kwambiri si zonsezi ayi koma zimene ananena pomaliza, akuti mwana wanga chaka choyamba anthu anali mbwee, makhadi, maluwa, zakudya, chaka chachitatu anayamba kuchepa, pano palibe amene amatchula dzina lake, amaopa kuti ndilira, ngati kuti akapanda kumutchula ine ndimaiwala. Ndinaganiza za kwathu. Ife maliro ndi a mudzi wonse, timagona pasiwa, azimayi m'nyumba amuna panja pamoto, kwaya usiku wonse, pakapita nthawi timakumananso pa chiliza, maliro n'kulirana. Kuno mwambo wa maliro ndi wa maola ochepa kenako aliyense pagalimoto yake, woferedwa amatsala ndi makoma. Koma tisadzitame kwambiri, ifenso tili ndi kachizolowezi kothamangira kunena kuti limbani mtima, musalire, zachitika zachitika, nkusintha nkhani. Tsiku limenelo ndinadzigwira sindinanene zimenezo, ndinangoti Mama ndiuzeni dzina lake, ananditchulira, ndinalibwereza, ndinafunsa kuti ankakonda kudya chiyani, ndipo anaseka koyamba chiyambireni ntchito panyumbapo, akuti ankamaliza yekha poto wa macaroni a tchizi nkumanamizira galu.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndikamatsegula makatani ndimapereka moni kwa Mama kenako kwa chithunzi chija pomutchula dzina. Ndimapukuta galasi la kabokosi iwo akuona, jombo sindizigwira.

Za jombozo ndinadzazimva mu November. Mwezi umenewu ndi wovuta m'nyumba muja ndipo apa anzanga tcherani khutu, munthu amene mukumusamalira akayamba mwadzidzidzi kukana chakudya, kusagona, kukwiya ndi zinthu zazing'ono, BP kukwera, inde muuzeni nesi ndipo lembani m'buku, koma funsaninso abale ake ngati mwezi umenewo kunagwa zovuta m'banjamo. Ine ndinalemba masiku onse pakalendala yanga, tsiku lobadwa mnyamatayo, tsiku limene anamwalira, tsiku limene anaikidwa, ndipo masiku amenewo sinditenga ofu olo zitavuta bwanji, ndimasinthana ndi mnzanga tsiku lina.

Pa 10 November kunabwera bambo wina wa zaka pafupifupi 40, wamtali, akuyenda motsimphina, atanyamula keke yaing'ono, wayendetsa galimoto maola asanu ndi awiri. Mama anali atandiuza kuti kubwera mwana wanga wina. Atalowa anagwada pambali pa mpando wawo nkuika mutu pamiyendo pawo ngati kamwana, ine ndinafuna kuthawira kukhitchini koma Mama anati khala, iwenso ndi wa m'nyumba muno. Tsikuli ma Marine kulikonse kumene ali amadula keke yokumbukira kubadwa kwa gulu lawo, pamwambo weniweni amadula ndi lupanga ndipo wamkulu pa onse amapatsira chidutswa wamng'ono pa onse. Ife tinadula ndi mpeni wa buledi, chidutswa china anachiika pashelefu patsogolo pa chithunzi.

Madzulo Mama atagona bamboyo anandipeza ndikutsuka mbale, anaima pakhomo la khitchini nkuyamba yekha kufotokoza, ine sindinamufunse. Akuti patangopita masiku ochepa chidyereni tsiku lawo lobadwa lija mkati mwa nkhondo, gulu lawo linkasecha nyumba m'kamsewu kena, anali atalowa kale nyumba zambiri tsiku limenelo zopanda munthu, otopa, masiku angapo osagona bwino osavula jombo. Pa nyumba imeneyo woyamba kulowa anali iyeyo, atangodutsa chitseko mfuti inalira kuchokera pamasitepe, zipolopolo zinamuphwanya mwendo nkugwa pakati pa chipinda poonekera, anzake onse ali panja kukhoma ndipo aliyense ankadziwa kuti owomberawo amusiya dala wamoyo kuti wobwera kudzamutenga naye amuombere. Akuti ankakuwa kuti musalowe musalowe. Mwana wa Mama analowa. Anamugwira pa chogwirira cha kumsana kwa chovala chotchinga zipolopolo nkuyamba kumukoka chafutambuyo, thupi lake atatchinga mbali ya masitepe, anafika naye pakhomo mpaka anzawo anamulandira, ndipo pomwepo chipolopolo chinamupeza pakhosi pamene chovala chija sichifika. Wachipatala wawo, amene amakhala wa Navy, asilikali a pamadzi aja, ndipo onse amangomutcha Doc, anayesetsa koma mnyamatayo anatsirizika asanafike naye kuchipatala. Bamboyo anati kuchokera pakati pa chipinda kufika pakhomo panali mwina masitepe asanu oyenda basi, ndipo zaka zonsezi amawawerenga usiku.

Jombo zija zinali zina zimene mnyamatayo anasiya kukampu, anzake anazisunga, bamboyu atatuluka m'chipatala anazibweretsa yekha kwa Mama zili ndi fumbi lake lomwelo la ku Iraq. Fumbi limene ine ndinkafuna kukakuntha panja.

Anandionetsa pafoni ana ake atatu, woyamba wamwamuna anamupatsa dzina la mnzakeyo. Anati ana awa ndi ake, ine ndikungowalera. Ndinalibe choyankha, ndinangomupatsa tiyi. Ndipo pano ndinene, mukakumana ndi munthu amene anapita kunkhondo musamufunse ngati anaphapo munthu, anthu amafunsa funso limeneli ngati nthabwala koma ndi lolasa, musamukakamize kufotokoza, akafuna ayamba yekha ndipo ntchito yanu ndi kumvetsera osadula. Ambiri a iwo makombola a pa 4 July, tsiku lokumbukira ufulu wa America, amawavutitsa kwambiri, ngati mukusamalira wotero tsekani mawindo msanga muyatse TV kapena nyimbo ndipo mukhale naye pafupi. Mukamumva akuyankhula zoti bola akanafa iyeyo, zoti watopa ndi moyo, musazitenge mopepuka, imbani 988 nkudina 1, ndi nambala yothandiza asilikali akale usana ndi usiku, ndipo inunso wosamalira mutha kuimba. Bamboyu anandiuza yekha kuti anaiimbapo nambala yotereyi zaka za m'mbuyomu ndipo sachita nazo manyazi.

Timendulo tiwiri tija, ina ndi Purple Heart imene amapereka kwa aliyense wovulazidwa kapena kuphedwa ndi adani, inayo ndi Bronze Star ya kachilembo ka V kosonyeza kulimba mtima pankhondo. Ndinafunsa bamboyo ngati imeneyo ndiye yaikulu pa zonse, anati ayi yaikulu ndi Medal of Honor, nkundiuza za Corporal Jason Dunham amene Marine aliyense wa nthawi yawo amamudziwa. Uyu pa 14 April 2004 kufupi ndi malire a Iraq ndi Syria ankalimbana ndi chigawenga chimene chinataya bomba la m'manja, iye anavindikira bombalo ndi chipewa chake chachitsulo nkuligonera kuti anzake awiri amene anali pambali apulumuke, anamwalira pa 22 April kuchipatala ku Bethesda ali ndi zaka 22, ndipo chodabwitsa anabadwa pa 10 November 1981, tsiku lomwelo la ma Marine. Mu January 2007 pulezidenti George W. Bush anapereka menduloyo kwa makolo ake, pano kuli sitima yankhondo yotchedwa dzina lake. Bamboyo anati Dunham ndi woyenera zonsezo, koma pa Dunham mmodzi amene dziko limamudziwa pali anyamata ambiri amene anachita zofanana ndipo amakumbukiridwa ndi amayi awo ndi munthu mmodzi wotsimphina basi.

Tsopano ndinene maganizo anga chifukwa ndikudziwa ena mukuwerenga mukuti nanga ku Iraq ankakatani. Inenso funso limenelo ndili nalo. Nkhondo ija inayamba mu March 2003 ponena kuti Saddam Hussein ali ndi zida zoopsa zopha anthu ambirimbiri, zidazo sizinapezeke, Fallujah inaphwasuka, anthu ambiri anathawa nkhondo isanayambe koma amene anatsala ambiri anafa osalakwa, ndipo kumeneko kulinso amayi amene akulira ana awo mpaka lero opanda kabokosi ka galasi olo mendulo. Ine nkhondo imeneyo sindiivomereza ndipo sindinamizira. Koma amene anaganiza zoyambitsa nkhondo si amene analowa m'chipinda muja. Mnyamata wa zaka 21 anamva mnzake akukuwa kuti usalowe, ankadziwa bwinobwino chimene chikumudikira, analowabe. Chimenecho ndimachilemekeza ndi mtima wanga wonse ndipo sindiona kuti ziwirizi zikutsutsana. Mama nawo tsiku lina anandiuza okha kuti za andale anasiya kuziganiza chifukwa zinkawadwalitsa, chimene amagwira nchakuti mwana wawo sanasiye mnzake pansi. Koma chonde mtsutso umenewu musauyambitse m'nyumba ya anamfedwa, si malo ake, akauyamba okha mvetserani.

Tsiku lina Mama anandifunsa kuti kodi kwanu kuli anyamata otere? Ndinawauza za Private Chancy Chitete, msilikali wathu wa Malawi Defence Force amene anali ku DRC pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations. Mu November 2018 kufupi ndi Beni asilikali athu ndi a ku Tanzania ankalimbana ndi zigawenga za ADF, msilikali wa ku Tanzania Corporal Ali Khamis Omary anavulala nkugwa poonekera, Chitete anapita zipolopolo zikuvumba nkumukokera pamalo obisika, akumuteteza choncho naye anaomberedwa nkumwalira, Omary anapulumuka. Pa nkhondo imeneyo tinataya asilikali asanu ndi mmodzi. Mu May 2019 ku New York mlembi wamkulu António Guterres anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yaikulu pa zonse kwa osungitsa mtendere, yotchedwa dzina la msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994. Ndikufotokoza choncho Mama anagwira dzanja langa mwamphamvu, amvekere November yemweyo, kukoka mnzake chimodzimodzi, kodi amayi ake alipo, alipo amene amawayendera? Ndinachita manyazi abale, chifukwa ine Mmalawi nkhani ya Chitete ndinaiwerenga pa Facebook nthawi imeneyo, ndinalemba RIP nkupitirira, sindinaganizepo za amene anatsala. Timaona akuluakulu akuika nkhata pachipilala ku Zomba ndi ku Area 18 mu November, timaona agogo a Keyala atavala mendulo zawo, koma ndi angati a ife amene tinapitapo pakhomo pa mayi wamasiye wa msilikali patatha chaka maliro atachitika kukangokhala naye? Mu January 2025 tinatayanso asilikali atatu kufupi ndi Goma. Ngati m'dera lanu muli banja lotere pitaniko, musadikire mwambo wa boma, tengani kashuga, khalani pamkeka, mutchuleni dzina malemuyo ndipo mufunse kuti anali munthu wotani. Mama anandiuza ndilembe dzina la Chitete pakapepala ndi zilembo zikuluzikulu, analiika pashelefu pambali pa chithunzi cha mwana wawo ndipo lilipo mpaka pano.

Memorial Day yotsatira ndinafika m'mawa sindinanene happy, ndinati Mama lero tikumukumbukira, nkumutchula dzina. Ndinawasambitsa, anasankha diresi yoyera, ndinawabaya kanyenyezi kagolide pakolala chifukwa dzanja lawo silitha, ndinapinda wilitcheya kuika m'galimoto tinapita kumanda. Manda ake si a ku Arlington, manda aakulu a asilikali a dziko lino, kumene ambiri a ku Iraq ndi Afghanistan anaikidwa ku Section 60, Mama anakana, ankafuna mwana wawo akhale pafupi poti azitha kupitako, ndi manda wamba a m'tauni mwawo, pamanda a msilikali aliyense anali atazikapo kambendera kakang'ono. Kukankha wilitcheya paudzu ndi ntchito, mawilo ankangotitimira, bambo wina wachikulire wa chipewa cha asilikali akale anabwera osayankhula nkunyamula kutsogolo mpaka tinafika.

Pamwamba pa mwala panali timakobidi. Ndinafuna kufunsa ngati wina wataya koma nthawi ino ndinadikira, Mama anandifotokozera okha kuti anthu amasiya dala kuti banja lidziwe kuti kunabwera munthu, amati ka 1 cent ndiye kuti ndinangodzacheza, ka 5 tinaphunzira limodzi usilikali, ka 10 tinagwira limodzi ntchito, ka 25 ndinalipo pamene ankamwalira. Panali ma 1 cent angapo, ka 10 kamodzi, ndi ka 25 kamodzi konyezimira. Mama anakagwira ndi chala nkuti wadutsa kale, ayenera kuti wayenda usiku wonse, ndipo sanandiuze nkomwe kuti abwera.

Ndinapisa m'chikwama kufuna 1 cent sindinaipeze, chimene ndinapeza pakona ndi kakobidi ka 10 kwacha kamene kanatsalira chichokereni kumudzi. Ndinawaonetsa Mama kuti kodi aka kangakhale, anati ikapo mwana wanga, adziwe kuti mpaka ku Malawi akumudziwa. Ndinakaika pambali pa ka 25 kaja, kenako anandipempha kuti ndiimbe nyimbo ya kwathu imene timaimba pamaliro, ndinagwada paudzu dzanja langa lili m'dzanja lawo ndinaimba m'Chichewa mavesi onse, iwo akungogwedeza mutu maso ali pamwala. Titamaliza anayang'ana wotchi yanga, inali itatsala pang'ono kukwana 3 koloko, anati tidikire pompano.